Mafunso ndi mayankho: kuwerenga ndi kutchera wotchi ya kompyuta kuchokera mu pulogalamu

Awa ndi mafunso amene ophunzira ndiponso olemba mapulogalamu amafunsa kawirikawiri. Osavuta ali koyambirira, ndipo mayankho a kumapeto akudalira zimene zafotokozedwa kale. Zitsanzo zambiri ndi za Linux ndi Windows, m'zinenero za C ndi Python.

1. Kodi wotchi imene pulogalamu imawerenga ili pati?

Mu kompyuta muli mawotchi awiri. Yoyamba ndi kachipangizo ka pa motherboard kotchedwa RTC. Kamayendera kabatire kozungulira kaja ka CR2032, n'chifukwa chake kamapitirizabe kuwerenga nthawi ngakhale kompyuta ili yozimitsa. Kamadalira kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi.

Yachiwiri ilibe batire. Ndi nambala chabe imene kernel (mtima wa system ngati Linux kapena Windows) imasunga n'kumaiwonjezera kompyuta ikakhala yoyaka. Poyaka, kernel imafunsa RTC kuti nthawi ili bwanji, n'kukopera yankholo, ndipo kuyambira pamenepo imadziwerengera yokha. Pulogalamu yanu ikafunsa nthawi, yankho limachokera ku wotchi yachiwiriyi. Mawotchi awiriwa angathe kusiyana, ndipo funso 8 ndi funso 13 akufotokoza zimene zimachitika akasiyana.

2. Nthawiyo imasungidwa motani?

Kernel sisunga tsiku, mwezi ndi chaka. Imasunga nambala imodzi yokha, ya nthawi imene yadutsa kuchokera pa tsiku limene anthu anagwirizana kuti likhale poyambira. Pa Linux, macOS ndi Android amawerenga masekondi kuchokera pakati pa usiku woyamba wa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC (nthawi yoyezera ya dziko lonse lapansi), imene kwathu kuno inali 2 koloko usiku. Kuwerenga kumeneku kumatchedwa nthawi ya Unix. Mwachitsanzo, nambalayi inafika pa 1,700,000,000 pa 14 Novembala 2023.

Windows imayambira pa 1 Januwale 1601, ndipo sekondi iliyonse imaigawa m'tizigawo 10 miliyoni. Pakati pa masiku awiri oyambirawa pali masekondi 11,644,473,600. Mukaona nambala imeneyi mu code ya munthu wina, dziwani kuti akusintha nthawi ya Windows kuti ikhale ya Unix.

3. Ndingawerenge bwanji nthawi mu pulogalamu yanga?

Kuwerenga sikufuna chilolezo chilichonse. Mu C, `time` imakupatsani masekondi athunthu. Mukafuna kulondola kwambiri pa Linux, itanani `clock_gettime` n'kuipatsa `CLOCK_REALTIME`. Ya `gettimeofday` imene ili m'mabuku akale imagwirabe ntchito, koma pa pulogalamu yatsopano ndi bwino kuisiya. Pa Windows pali `GetSystemTime`, komanso `GetSystemTimePreciseAsFileTime` kuyambira pa Windows 8.

Mu Python ndi `time.time`, kapena `datetime.now` mutaipatsa `timezone.utc`. Ya `datetime.utcnow` ipeweni: imakupatsani nthawi ya UTC koma yopanda chizindikiro chosonyeza kuti ndi ya UTC, ndipo kuyambira pa Python 3.12 imachenjeza kuti idzachotsedwa. Mu Java ndi `Instant.now`, mu JavaScript ndi `Date.now`. Ya JavaScript imawerenga mamilisekondi, osati masekondi, choncho deti lanu likatuluka la mu Januwale 1970 kapena la zaka zikwi zambiri kutsogolo, yambani mwaona ngati simunaiwale kuchulukitsa kapena kugawa ndi 1,000.

4. Ndikufuna kudziwa kuti ntchito ina yatenga nthawi yaitali bwanji. Ndingowerenga nthawi kawiri n'kuchotsera?

Inde, koma osati pa wotchi ya mu funso 3. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, ngakhale odziwa ntchito.

Wotchi ya tsiku ndi ola imatha kusunthidwa. Mwini kompyuta angaibweze m'mbuyo, NTP (njira yokonzera wotchi kudzera pa intaneti) ingaidumphitse, ndipo zimenezi zikachitika pakati pa kuwerenga kwanu koyamba ndi kwachiwiri, yankho lidzakhala labodza. Nthawi zina lidzatsika mpaka pansi pa ziro. Woimbira mpira sayang'ana wotchi yapakhoma kuti adziwe ngati mphindi 45 zakwana. Ali ndi yake ya pamkono imene anaiyambitsa poimba wezulo, ndipo wina atakonza yapakhoma ija pakati pa masewero, yakeyo sikhudzidwa. Kompyuta nayo ili ndi wotchi yotere, imene imangopita patsogolo osabwerera.

Pa Linux ndi `clock_gettime` yomwe ija koma mutaipatsa `CLOCK_MONOTONIC`. Mu Python ndi `time.monotonic` kapena `time.perf_counter`, mu Java ndi `System.nanoTime`, mu JavaScript ndi `performance.now`, pa Windows ndi `QueryPerformanceCounter` kapena `GetTickCount64`. Nambala imene zimapereka ilibe tanthauzo payokha. Imakhala ndi ntchito mukaichotsera inzake ya pa kompyuta yomweyo, isanazimitsidwe. Musaisunge mu database ngati deti.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. `CLOCK_MONOTONIC` ya Linux imaima laputopu ikagona, choncho ngati nthawi yogonayo ikufunika kuwerengedwa, gwiritsani ntchito `CLOCK_BOOTTIME`. Ndipo `GetTickCount` yakale, yopanda 64 kumapeto, imadzaza n'kubwerera pa ziro pakatha masiku 49.7.

Zimenezi si nkhani ya m'kalasi yokha. Pa 1 Januwale 2017, pulogalamu ya DNS ya kampani ya Cloudflare, yolembedwa mu Go, inachotsera nthawi ziwiri za wotchi wamba n'kupeza nambala ya pansi pa ziro chifukwa cha sekondi yowonjezera imene ili mu funso 15. Pulogalamuyo inagwa, ndipo mawebusaiti ena anavuta kuwapeza. Chaka chomwecho Go 1.9 inatuluka itayamba kugwiritsa ntchito wotchi yosabwerera m'mbuyo poyeza kutalika kwa nthawi.

5. Pulogalamu yanga ikusonyeza nthawi yotsalira ndi maola awiri. Wotchi yawonongeka?

Kawirikawiri ayi. Mukuona nthawi ya UTC. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, ndiye seva ikalemba 08:00 inu muli pa 10 koloko, zonse zili bwino. Chofunika kukonza ndi zone, kutanthauza dera la nthawi limene kompyuta yauzidwa kuti ili, osati wotchi. Mukakankha wotchiyo ndi maola awiri kuti ioneke bwino, ndiye kuti mwaiwononga, chifukwa UTC yanu idzakhala yolakwika ndipo mavuto a mu funso 9 adzakupezani.

Pa Linux lembani `timedatectl set-timezone Africa/Blantyre`, kapena `Africa/Lusaka`, `Africa/Maputo`, `Africa/Harare`, malinga ndi kumene muli. Mu Python 3.9 kupita m'tsogolo, `zoneinfo` imalandira mayina omwewa.

6. Posunga mu database, ndisunge UTC kapena nthawi yakwathu?

Zimene zachitika kale, monga nthawi imene munthu analipira kapena analowa mu akaunti, zisungeni mu UTC, ndipo muzisintha poonetsa basi. Ife tinazolowera kuti ola silisintha ndi nyengo, n'chifukwa chake timayesa kuti kungowonjezera 2 kwakwana. Koma pulogalamu yanu ikangopeza wogwiritsa ntchito wa ku London, masamu amenewo atha. Kumeneko wotchi imakankhidwa ola limodzi patsogolo Lamlungu lomaliza la Malichi, n'kubwezedwa Lamlungu lomaliza la Okutobala. Kusiyana kwa Lilongwe ndi London ndi ola limodzi pakati pa miyezi imeneyi, ndipo ndi maola awiri nthawi ina yonse. Usiku wa mu Okutobala uja 01:30 imachitika kawiri, pomwe usiku wa mu Malichi sichitika n'komwe.

Malamulo amenewa musawalembe nokha. Ali mu tz database, imene anaiyamba Arthur David Olson ndipo pano imasungidwa ndi IANA, ndipo amakonzedwa maboma akasintha maganizo. Namibia inasiya kusintha wotchi mu 2017, Egypt inayambiranso mu 2023.

Zam'tsogolo ndi zosiyana pang'ono. Msonkhano wa 9 koloko m'mawa chaka chamawa usungeni monga 9 koloko pamodzi ndi dzina la zone, chifukwa anthu anagwirizana pa ola la kwawo, ndipo lamulo likasintha iwo adzabwerabe 9 koloko.

7. Nanga kutchera wotchi kuchokera mu pulogalamu kumatheka bwanji?

Pa Linux ndi `clock_settime` yokhala ndi `CLOCK_REALTIME`, kapena `settimeofday` yakale. Pulogalamu iyenera kuyenda ngati root (akaunti ya mphamvu zonse) kapena kukhala ndi chilolezo cha `CAP_SYS_TIME`, apo ayi idzakanidwa ndi `EPERM`. Python ili ndi `time.clock_settime` pa makompyuta a mtundu wa Unix, ndipo lamulo la chilolezo ndi lomwelo. Pa Windows ndi `SetSystemTime`, imene imafuna kuti muipatse nthawi ya UTC, ndipo pulogalamu iyenera kukhala ndi `SeSystemtimePrivilege`, zimene kwa ambiri zikutanthauza kuiyendetsa ngati Administrator. Mukaipatsa nthawi yakwathu m'malo mwa UTC, wotchi idzathamanga ndi maola awiri.

Pa Android, pulogalamu wamba yotsitsa ku Play Store siingasinthe nthawi. Chilolezo chake chimaperekedwa kwa mapulogalamu a system okha. JavaScript ya mu browser nayo siingathe. Musanalembe chilichonse mwa izi, werengani funso 9.

8. Ndatchera nthawi, koma pakapita kanthawi ikubwerera mwakale. Chikuchitika n'chiyani?

Ikabwerera kompyuta ili yoyaka, ndiye kuti pali pulogalamu ya NTP imene ikuikonza, monga chrony, ntpd, systemd-timesyncd kapena Windows Time. Ikugwira ntchito yake. Ndipotu `timedatectl set-time` imakana kumene NTP ikakhala yoyatsa, mpaka mutalemba `timedatectl set-ntp false`. Pa virtual machine, nthawi imathanso kumakopedwa kuchokera ku kompyuta yaikulu imene ikuisunga.

Ikabwerera mutazimitsa n'kuyatsanso, ndiye kuti munasintha wotchi ya kernel yokha, RTC n'kuisiya. Lamulo la `hwclock --systohc` limakopera nthawi ya kernel kupita ku RTC. Wotchi ikakhala yogwirizana ndi NTP, Linux imachita zimenezi yokha mphindi 11 zilizonse. Koma ngati kompyuta ikumadzuka ili zaka zambiri m'mbuyo nthawi iliyonse magetsi akazima, kabatire ka RTC katha. Gulani kena, palibe code imene ingathandize.

9. Kodi ndi bwino kuti pulogalamu yanga izitchera wotchi yokha?

Pafupifupi nthawi zonse, ayi. Wotchiyo si ya pulogalamu yanu yokha. Chilichonse chimene chikuyenda pa kompyutayo chikuidalira, ndipo mukaisuntha mumasunthira onse popanda kuwauza.

Browser imayerekeza deti la satifiketi ya webusaiti ndi wotchi yanu, ndipo deti likalakwika HTTPS imakana. Kerberos, imene maofesi ambiri a Windows amalowera, imakana wotchi ikasiyana ndi ya seva kupitirira mphindi 5. Manambala achitetezo a mapulogalamu ngati Google Authenticator amasintha masekondi 30 alionse potengera wotchi. Ya `make` imayang'ana nthawi ya mafayilo kuti idziwe chofunika kumanganso. Ntchito zoikidwa pa ndandanda zingadumphidwe kapena kuchitika kawiri. Ndipo ma log amasokonekera, moti tsiku limene mudzafune kudziwa chimene chinayamba kulakwika, mudzapeza zotsatira zalembedwa patsogolo pa choyambitsa.

Ngati vuto lanu ndi loti wotchi ya makasitomala imalakwika, pali njira yofatsa. Pulogalamu ifunse nthawi ku seva yanu, iwerenge kusiyana kwake ndi wotchi ya pamalopo, isunge kusiyanako, n'kumakuwonjezera pa zowerengera zake zokha. Ingathenso kumuuza munthuyo kuti wotchi yake yalakwika. Amene ali ndi chifukwa chomveka chotcherera wotchi ndi amene akupanga chipangizo chonse, monga makina oyezera mvula kapena madzi amene ali kutali ndi intaneti ndipo amatenga nthawi ku GPS.

10. Ndamva zoti wotchi ingakonzedwe pang'onopang'ono. Zimasiyana bwanji ndi kuitchera?

Kutchera ndi kudumpha: nthawi inali 10:00:05, mwadzidzidzi yakhala 10:00:02. Njira inayo ndi yofulumizitsa kapena kuchedwetsa wotchi pang'ono kwambiri mpaka itafika pamene iyenera kukhala, moti sibwerera m'mbuyo ndipo palibe sekondi imene imasowa. Pa Linux zimachitika ndi `adjtime` kapena `adjtimex`, pa Windows ndi `SetSystemTimeAdjustment`.

Kuipa kwake n'kuchedwa. Pa liwiro la ntpd, la theka la milisekondi pa sekondi iliyonse, kukonza sekondi imodzi kumatenga masekondi 2,000, kupitirira theka la ola. N'chifukwa chake ntpd imakonza pang'onopang'ono kusiyana kukakhala kochepera mamilisekondi 128, imadumpha kukaposa pamenepo, ndipo kukapitirira masekondi 1,000 imangosiya kuti munthu abwere adzaone. Mu chrony, mzere wa `makestep` umalola kudumpha pa maulendo ochepa oyamba kompyuta itangoyaka, database ndi zina zisanayambe ntchito. Imeneyi ndiyo nthawi yabwino yodumphira.

11. NTP imadziwa bwanji nthawi yolondola pamene uthenga umachedwa m'njira?

NTP anaipanga David L. Mills wa ku University of Delaware, ndipo inalembedwa koyamba mu 1985. Imadutsa pa UDP, port 123. Kompyuta yanu imalemba nthawi imene yatumiza funso, seva imalemba imene yalandira ndi imene yayankha, ndipo kompyuta yanu imalemba imene yankho lafika. Pa nambala zinayizi imapeza kutalika kwa ulendo wonse, n'kuganiza kuti kupita ndi kubwera kunatenga nthawi yofanana. Njira ziwirizi zikasiyana kwambiri, monga zimachitikira pa intaneti ya pafoni, pamatsala kulakwika pang'ono. Ngakhale zili choncho, pa intaneti wamba kulakwikako kumakhala kwa mamilisekondi makumi angapo, zimene n'zokwanira pa ntchito zambiri.

Kufunsa kamodzi sikokwanira, chifukwa kamwala ka quartz sikayenda ndendende, ndipo kutentha kumakasintha. Kakalakwitsa ndi magawo 20 okha pa miliyoni, wotchi imataya pafupifupi masekondi 1.7 pa tsiku. Maseva aulere alipo ku `pool.ntp.org`, ndipo a mu Africa ali pa `africa.pool.ntp.org`. NTP ikakana kugwira mu ofesi, onani kaye ngati firewall sinatseke port 123.

12. Raspberry Pi yanga imadzuka ndi deti lolakwika pakakhala palibe intaneti. Nditani?

Ma Raspberry Pi onse a m'mbuyo mwa Raspberry Pi 5 alibe RTC. Akayaka sadziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Ena amayambira mu 1970, ena amayambira pa nthawi imene anaisunga mu fayilo asanazime. Njira yachiwiriyi ndi yonyenga kwambiri, chifukwa deti limaoneka lomveka pomwe latsalira ndi maola onse amene magetsi anazima.

Gulani kachipangizo ka RTC monga DS3231, kamene kamalumikizidwa pa I2C, kapena GPS ngati mukufuna kulondola kwenikweni. Pulogalamu yanunso isakhulupirire wotchi ikangoyaka. Ione kaye ngati wotchi yagwirizana ndi NTP, zimene `timedatectl` imasonyeza. Ngati sinagwirizane, ilembe zoyezazo pamodzi ndi nambala ya wotchi ya mu funso 4 ndi chizindikiro choti deti ndi lokayikitsa, kuti nthawi yoona ikapezeka muthe kuwerengera chobwerera.

13. Ndili ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi, ndipo ndikachoka pa imodzi kupita pa inayo, nthawi imalakwika ndi maola awiri. Bwanji?

Windows imaganiza kuti mu RTC muli nthawi yakwanuko, Linux imaganiza kuti muli UTC, ndiye aliyense amakonza za mnzake. Uzani mmodzi atsatire mnzake. Pa Linux ndi `timedatectl set-local-rtc 1`, pa Windows ndi kuika `RealTimeIsUniversal` mu registry. Njira ya UTC ndiyo yabwino, makamaka pa laputopu imene mumayenda nayo kunja.

14. Ndikufuna kuyesa mmene pulogalamu idzachitire kumapeto kwa chaka. Ndisinthe deti la kompyuta?

Musasinthe, ndipo musayesere mu Docker poganiza kuti m'menemo ndi motetezeka. Container ya Docker, kamalo kopatulidwa koyendetseramo pulogalamu, imagwiritsa ntchito kernel ya kompyuta yaikulu, choncho wotchi ya tsiku ndi ola ndi imodzi. Mukaipatsa chilolezo n'kusintha nthawi, mwasinthira makina onse.

Chabwino n'kulemba pulogalamu yanu kuti izifunsa nthawi pamalo amodzi okha, pa function imodzi imene poyesa mungailowetse m'malo ndi yopereka deti lililonse limene mukufuna. Ngati code si yanu, pa Linux pali libfaketime, imene imanamiza pulogalamu imodzi yokha, ndipo mu Python pali freezegun. Njira yomweyi ikukumbutsaninso kuti mwini foni kapena kompyuta angathe kunamiza pulogalamu yanu. Tsiku lothera laisensi, lobweza ngongole kapena lotsekera mayeso liziweruzidwa ndi wotchi ya seva.

15. Kodi sekondi yowonjezera ndi chiyani, ndipo ikundikhudza?

Dziko silizungulira pa liwiro lofanana nthawi zonse, pomwe mawotchi a atomu sasintha. Kuti UTC isatalikirane ndi dzuwa, kuyambira mu 1972 akhala akuwonjezera sekondi imodzi apo ndi apo, ndipo zachitika maulendo 27. Komaliza kunali pa 31 Disembala 2016, pamene wotchi ya UTC inasonyeza 23:59:60. Nthawi ya Unix ilibe malo a sekondi imeneyi, chifukwa imati tsiku lililonse lili ndi masekondi 86,400, ndiye kernel imabwereza sekondi imodzi kawiri. Ya pa 30 Juni 2012 inavumbula cholakwika mu kernel ya Linux ndipo maseva ambiri anavutika. Google imapewa zimenezi pomwaza sekondiyo pa maola 24 m'maseva ake a NTP, n'chifukwa chake si bwino kusakaniza maseva omwaza ndi osamwaza. Mu 2022 msonkhano wa mayiko woona za miyezo unagwirizana kuti mchitidwe wowonjezera sekondi uthe pofika 2035. Ngati mwatsatira funso 4, mbali yaikulu ya vutoli simudzaiona.

16. Nanga vuto la 2038?

Nambala ya ma bit 32 yokhala ndi chizindikiro imathera pa 2,147,483,647. Masekondi a Unix adzafika pamenepo pa 19 Januwale 2038, nthawi ya 03:14:07 UTC, kwathu kuno 05:14:07 m'mawa. Sekondi yotsatira, pulogalamu imene imasunga nthawi mu ma bit 32 idzaganiza kuti ndi 13 Disembala 1901.

Pa makompyuta a 64-bit, `time_t` ndi yaikulu kale. Pa a 32-bit, Linux 5.6 ya mu 2020 inabweretsa zofunika mu kernel, ndipo kuyambira pa glibc 2.34 mungamange pulogalamu ndi `_TIME_BITS=64`. Zotsala ndi malo amene inuyo munaika nthawi mu `int`, mafayilo ndi mauthenga a pa netiweki amene anapatsa nthawi ma byte 4 okha, mizati ya `TIMESTAMP` mu MySQL imene imathera pa tsiku lomwelo, ndi tizipangizo timene timaikidwa pamalo n'kukhala zaka 20 osasinthidwa. Pulogalamu yowerengera ngongole ya zaka 15 ikugwira kale madeti opitirira 2038, choncho iyeseni lero ndi njira za mu funso 14.